Kambale ka ku Jeremani m'munda wa mapira

Amayi, kodi kumeneko mukudzukako bwanji?

Kuno tilipo, koma kutentha kwa chaka chino ngakhale inu mukanadandaula, inu amene munkatiuza kuti tikanaona chisanu chimene munaona ku Jeremani sitikanamanyoza dzuwa. Ndikulemba ndili pa benchi yanga pamsika wa Ngabu. Ndi masana, zitenje zili lende pachingwe osagwedezeka n'komwe, ogula onse abisala m'mithunzi, a kabaza nawo agona pambali pa njinga zawo. Ndati m'malo mowodzera ndikuuzeni zimene zachitika chichokereni inu, makamaka za tsiku lija tinavundukula chiliza chanu. Mwina munazimva nokha, poti zinachitikira pamutu panu penipeni. Komabe ndikufuna muzimve kwa ine, Zuze asanakufikireni nazo m'mapemphero ake aja osatha.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Esinta wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Filomena. Chipumi ndi chanu, kuuma mutu nakonso kwayamba kale kuoneka: akakana bere wakana, mpaka muchite kumuvinira. Mapira chaka chino tapezako, nkhokwe sinadzaze koma njala sitiiopa. Madzi anafika kudimba n'kukokolola mbatata zonse, kunyumba sanafike. Mbuzi yanu yaikazi ija munkaitukwana m'Chipwitikizi inagwidwa ndi ng'ona ikumwa madzi, ndipo ababa sanadye tsiku limenelo. Iwowo ali bwinoko, kungoti maso akuchepa mphamvu. Kumunda sajomba. Kuyankhula ndiye mukuwadziwa, chilichonse ungawauze, kaya za mvula kaya za maliro, yankho ndi lomwe lija la Chisena, "pyadidi", zili bwino, basi abwerera ku fodya wawo.

Tsopano za mwana wanu Zuze. Ndati mwana wanu chifukwa kumutchula kuti mlongo wanga masiku ano pakamwa pamandiwawa. Simungamuzindikire. Ali ndi suti yoyera ndi nsapato zosongoka zoyera, kuno ku chigwa kumene fumbi limalowa ndi m'mano momwe, ndipo amayenda ndi kathaulo kopukutira thukuta paphewa. Dzina nalo lakula, akuti Mtumiki Zuze. Amatumikira ndani sindidziwa, poti nthawi imene munkadwala beseni lanu tinkatulutsa ndife, ine ndi Esinta, iye akubwera Lamlungu masana kudzakupemphererani ataima pakhomo. Munkanena inu kuti munthu wofinya nkhope kwambiri popemphera uzimuyang'anitsitsa akamati ameni. Ndamuyang'anitsitsa, amayi.

Chimene chamukweza ndi nyimbo. Mukukumbukira kanyimbo kanu kaja kopanda mawu, kamene munkayimba chotseka pakamwa mukamapeta, mukamatola thonje, mukamandiluka tsitsi? Kamakwera, n'kukweranso, n'kutsika, n'kuima pang'ono ngati kaiwala njira, kenaka n'kuyambiranso. Ana anu tonse tinakulira m'kanyimbo kameneko. Zuze wakatenga, wakaikira mawu a kuwoloka Yorodano, waphunzitsa kwaya yake, wakajambulitsa ku Blantyre. Pano kali m'minibasi iliyonse yochoka ku Bangula kupita ku Nsanje, makondakitala amakayimbira uku akupanikiza anthu. Zimenezo ine sizinandipweteke, nyimbo ya mayi ndi ya ana onse. Chimene chinandinyansa ndi umboni wake. Akuuza mipingo yonse kuti sabata imene inu munatisiya, mngelo anamudzera kutulo n'kumuyimbira nyimbo yatsopano imene khutu la munthu linali lisanamvepo. Amanena misozi ili mbwembwembwe, amayi ena kumbuyo akuti aleluya. Mngelo wakeyo ine ndikumudziwa. Ankavala mpango wofiira, ndipo ankatimenya ndi mthiko tikachedwa kumjigo.

Koma mlandu wanga weniweni ndi Zuze unayamba pamaliro anu. Inu munali m'bokosi, mwina simunamve bwino, ndiye ndikuuzeni mmene anawerengera mbiri yanu. Anati munabadwira ku Mutarara, munaphunzira sukulu kumeneko, nkhondo itavuta munawolokera ku Nsanje kumene munakwatiwa ndi ababa, ndipo Mulungu anakudalitsani ndi ana, woyamba kubadwa Zuze. Basi. Kuchoka pa sukulu n'kufikira pa ukwati, ngati munthu wodumpha ngalande. Zaka zija boma la kwanu linakutumizani ku Jeremani muli mtsikana, kukagwira ntchito m'fakitale ya nsalu, sanazitchule. Zoti anakukwezani ndege kukubwezani chifukwa munali ndi pathupi, poti wantchito wobwera sankaloledwa kuberekera komweko, sanazitchule. Zoti munawoloka malire wapansi ine ndili kumsana, ababa musanawadziwe n'komwe, sanazitchule. Itafika nthawi ya nkhata, woyendetsa mwambo anati, "Mwana wachisamba wa malemu," ndipo Zuze ananyamuka chifuwa chili patsogolo. Ine anandiitana pamodzi ndi "ana ena ndi achibale". Maluwa anga ndinaika pambuyo pa mlamu wake wa Zuze, amayi, ine amene ndinayamba kuyamwa bere lanu.

Inunso simunatithandize, ndinene. Tikakufunsani za ku Jeremani munkangoti, "Kunali kuzizira, kunali mbatata, pitani mukasese." Anthu a pamudzi ankadziwa zonse, mpaka ana anzanga ankanditcha Jeremani posewera fulaye, koma m'nyumba mwathu zaka zimenezo zinalibe mwini. Zuze anakula akuganiza kuti chinthu chosanenedwa ndiye kuti n'chonyansa, ndipo atapeza suti anaganiza kuti ntchito yake ndi kuchikwirira.

Pamaliro paja ndinakhala chete chifukwa si malo okanganirana. Koma titakhala pansi pa msawu kukonza za chiliza, ndinanena poyera kuti mbiri ikawerengedwe yonse, ndipo nkhata ya mwana woyamba ndikaike ndine. Zuze anapukuta nkhope ndi kathaulo kake n'kuyamba ndi ulemu wakwathu wa achemwali, akuti, "Mana Rozina, zinazi si zonena pamaso pa abusa ndi alendo. Tiyeni tiwasungire ulemu amayi." Ulemu wakewo ndi woti ine ndisakhalepo. Ndinayang'ana ababa, munthu amene anandilera kuyambira ndikukwawa, amene anandigulira yunifolomu yanga yoyamba. Iwo anayang'ana mbuzi n'kuti, "Pyadidi." Sindinadziwe ngati akuvomera za ine kapena za Zuze, ndipo ndikuganiza kuti ndi mmene ankafunira.

Kenaka mapira anayamba kucha, ndipo ndinapita kumudzi kukathandiza ababa kupirikitsa mbalame. Munda wonse anaumangira zingwe monga mwa nthawi zonse, zitini, majumbo, ndi matepi a makaseti akale akung'anima padzuwa. Pakati pa munda, pa nsungwi yaitali, panalendewera chinthu chakuda chobulungira, chikuzungulira ndi mphepo. Nditafika pafupi ndinachizindikira. Kanali kambale kanu ka galamafoni, kaja munkakasunga pansi penipeni pa sutikesi katakulungidwa m'mpango, kamene mwana aliyense wokakhudza ankaona zakuda. Galamafoni sitinakhalepo nayo, ndiye palibe mwa ife anamvapo zimene zinali m'menemo. Tinkangodziwa kuti n'ka ku Jeremani, ndipo sikafunsidwa.

Ndinati, "Ababa, ichi mwachipachika bwanji kuno?"

Iwo anati, "Pogawa katundu wa amako palibe anachifuna. Mbalame zimachiopa."

Dzuwa la kuno linali litakapinda kale ngati mlamba wowamba, moti ngakhale galamafoni itapezeka sikangalire. Koma kapepala kapakati kanali kakuonekabe zilembo. Ndinakamasula, n'kumangirirapo chivundikiro cha poto wobooka m'malo mwake, n'kukaika m'chikwama.

Nditabwerera ku Ngabu ndinagula bandulo, n'kukhala pa benchi pomwe pano kulemba zilembozo m'foni chimodzichimodzi. Zina zili ndi timadontho pamwamba, foni yanga ilibe, ndinangozilemba zopanda timadontho. Sindinkayembekeza kanthu. Koma dziko lino lili ndi anthu osowa chochita, amayi. Alipo mzungu wina amene anapeza kambale kofanana nako, n'kukajambula, n'kukaika pa intaneti ndi chithunzi chomwe, ndipo alipo anzake ochepa amene anabwera kudzamuthokoza ngati wawapezera mankhwala.

Chithunzicho ndinaseka ndekha. Anyamata atatu owonda, otuwa, tsitsi lili njo, majekete otambalala m'mapewa, palibe ndi mmodzi yemwe akumwetulira. Pansi pake wina analemba m'Chingelezi kuti gululo linatulutsa kambale kamodzi komweka, kenaka linapasuka chaka chisanathe, aliyense n'kulowera kwake. Nditamva mmene nyimboyo ikuyambira sindinadabwe kuti linapasuka. Ng'oma mulibe, ndi makina akungoti ti-ti-ti, tsa, ti-ti-ti, tsa. Kiyibodi yake ndi udzudzu wotsekeredwa m'chitini. Woyimbayo sakuyimba, akungoyankhula cham'mphuno ngati wolengeza za maliro pa wailesi ali ndi chimfine. Ndinati amayi anga, munthu wobadwira kumene valimba imalira mpaka nkhalamba kutaya ndodo, munasunga zinyalala izi pansi pa sutikesi moyo wanu wonse? Chala chinali chitapita kale kuti ndizimitse, bandulo yanga isathere zopusa.

Pomwepo nyimbo inafika pakati. Makina aja anakwera, n'kukweranso, n'kutsika, n'kuima pang'ono, n'kuyambiranso.

Amayi, ndinamva fungo la mafuta anu a m'tsitsi. Ndinamva maondo anu atandipana m'mapewa, chipeso chili m'mutu mwanga. Ndinalira pamsika, kukamwa kuli yasa, osasamala za munthu. Mayi wogulitsa mchere pafupi nane anathamanga kudzandigwira, akuti, "Wamwalira ndani?" Ndinati amayi anga. Akuti, "Si munaika chaka chatha?" Ndinati eya, omwewo.

Mawu a nyimboyo sindinawafufuze. Ndinkaopa. Ndinkaganiza kuti ndikawamasulira ndipezamo munthu amene anakupatsani kambaleko, mwinanso amene anakupatsani ine, ndipo ameneyo sindinamufunepo. Munandiuza nditakula kuti anali mnyamata wa ku Beira wa m'fakitale yomweyo, ndipo tsiku limene inu ankakukwezani ndege iye anapita ku ntchito monga mwa masiku onse. Zimenezo zinandikwana.

Musaganize kuti ndinathamangira kukachititsa mwana wanu manyazi. Ndinakwera minibasi mpaka ku boma ku Nsanje, nyimbo yake ikundiboola makutu njira yonse, n'kukamupeza kwake ali yekha. Ndinaika kambale patebulo, foni pambali pake, n'kuyatsa. Anamvetsera mpaka pamalo paja, ndipo ndinaona kuti waizindikira. Ndinati, "Zuze, nyimboyo yimba mpaka ukalambe, mngelo wakoyo sindikulanda. Ine ndikufuna mbiri ya amayi iwerengedwe yonse, ndipo nkhata yoyamba ikhale yanga." Mukudziwa chimene anayankha? Anati, "Mana, Satana amadziwa kukopera zinthu za Mulungu. Chifufuteni chimenecho m'foni mwanu chisanakulowetseni ziwanda. Za mwambo zatha kale kukonzedwa." Anandipatsa madzi ozizira a m'filiji, n'kundiperekeza mpaka pageti dzanja lili paphewa langa, kuti aneba aone chikondi.

Chiliza chanu n'chokongola, pamenepo ndisaname. Matailosi oyera, mtanda wakuda, dzina lanu lolembedwa bwino. Anthu anabwera ambiri, ena ochokera ku Mutarara komwe, abusa ndi alendo awo, kwaya yonse ya Zuze itavala yunifolomu yatsopano. Dzuwa linali pamutu, amayi atakhala pansi mbali ino, abambo mbali iyo m'mithunzi ya mitengo ya kumanda. Zuze anawerenga mbiri yomwe ija, n'kudumpha malo omwe aja. Kenaka anatseka maso, n'kufinya nkhope, n'kuyamba za mngelo. Anati nyimbo imene kwaya iyimbe tsopano sinapekedwe ndi munthu wobadwa mwa mkazi. Kwaya inayimba, ndipo inayimba bwino, amayi aja mawu ali nawo.

M'chikwama mwanga munali kasipika kanga ka pamsika, kaja kamaitana ogula tsiku lonse kuti ine ndisasase mawu. Kwaya itangotsiriza, woyendetsa mwambo asanatsegule pakamwa kuitana nkhata, ndinaimirira, n'kukaika pamwamba pa chiliza chanu, n'kuyatsa.

Ti-ti-ti, tsa. Kumanda, amayi, pamaso pa abusa. Ndikudziwa kuti si mwambo, ndipo mukanakhala moyo mukanandikoka khutu. Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina kumbuyo anati Rozina wapenga, wina anati ndi nyimbo za ku bala zimenezo. Mzungu wachimfine uja akungoyankhula zake. Mkulu wa mpingo wina ananyamuka kuti adzazimitse, koma ndi nkhalamba, ndipo asanafike pamene ndinaima nyimbo inafika pakati. Ndinayang'ana amayi a kwaya. Milomo yawo inayamba kugwedera yokha, akutsatira, mmodzi mpaka anayamba kuwoloka Yorodano motsitsa mawu asanazindikire chimene akuchita, n'kudzigwira pakamwa.

Ndinakweza kambale kopindika kaja m'mwamba. Ndinati, "Nyimbo iyi amayi anabwera nayo kuchokera ku Jeremani, kumene ankagwira ntchito ya nsalu. Anabwerako ndi kambale aka, ndi ine. Mbiri imene mwamvayi yatiiwala tonse."

Zuze akanakhala wanzeru akanakhala chete. Koma munkanena inu kuti Zuze pakamwa pake pamadzuka iye asanadzuke. Anatenga maikolofoni n'kuti, "Abale, mwadzimvera nokha. Azungu andibera nyimbo." Nyimbo yojambulidwa iye asanabadwe, amayi. Anyamata atatu a ku Jeremani anamubera ali m'chiuno mwa ababa. Mmodzi wa adzukulu anaphulika kuseka, kuseka kuja kunayenda mpaka kwa amayi, ena akubisa nkhope m'zitenje. Ine sindinaseke. Kusekako sikukanandipatsa nkhata, ndipo abusa aakulu anali atayamba kale kunena kuti mlongoyu atuluke kaye m'manda muno, tikakambirana bwino kunyumba. Amuna awiri ankabwera kudzandigwira mikono.

Pamenepo ababa anaimirira. Anachita kugwira mtengo, maondo akulira. Maikolofoni anaikana. Anayankhula maso ali pa chiliza, osayang'ana munthu.

"Musiyeni mwanayo. Ine mkazi uyu ndinamuona koyamba pamsika ku Nsanje, akugulitsa nkhuni, mwana ali kumsana, akuyimba nyimbo yomweyi. Ndinamutsatira mpaka kumene ankagona othawa nkhondo. Pokalowola ndinalowola awiri, mayi ndi mwana. Iwe Zuze nthawi imeneyo kunalibe, ngakhale kukuganizira. Itanani ana bwinobwino. Yambani ndi wamkulu."

Anakhala pansi. Woyendetsa mwambo anayang'ana abusa, abusa anayang'ana nsapato zawo. Kenaka ndinamva, "Mwana wachisamba wa malemu, mayi Rozina." Nkhata imene inakonzedwa inali m'manja mwa Zuze, yaikulu, ya maluwa ofiira a pulasitiki. Esinta, khanda lili kumsana, anapita n'kukaisolola m'manja mwake ngati akulanda mpeni kwa mwana, n'kundipatsa. Ndinagwada n'kuiika kumutu kwanu. Matailosi ankawotcha m'maondo, koma sindinafulumire kudzuka.

Ababa sindinawathokoze. Mtima unali utatupa. Pobwerera kumudzi ndinayenda nawo pambuyo pa anthu onse, poti sayenda msanga, ndipo ndinawafunsa mosabisa. Ndinati, "Mawu amenewa munali nawo zaka zonsezi. Pamaliro munali nawo, pansi pa msawu munali nawo. Munkadikira chiyani, kuti andikoke kaye ngati mbuzi?"

Tinafika pa mlambe uja wa panjira ya kumjigo, anakhala pamuzu kuti apume. Kenaka anati, "Nyimbo imeneyo ndinkadana nayo. Amako akaiyamba ine ndinkadziwa kuti sali pano, ali uko ndi munthu uja. Sindinawafunsepo. Za Jeremani sindinkafuna kuzimva n'komwe." Anatulutsa fodya, osamuyatsa. "Foni yakoyo imamva Chijeremani? Tandiuza, akuti chiyani mzunguyo?"

Ndinafuna kukana, koma nkhalamba inkandiyang'ana ngati munthu wodikira zotsatira za magazi kuchipatala. Ndinafufuza pansi pa chithunzi chija mpaka ndinapeza pamene wina analemba mawu onse a nyimboyo, n'kuuza foni kuti imasulire. Ndinawerenga, n'kubwerezanso, kuopa kuti mwina foni yasokoneza.

Amayi, inu Chijeremani munkachimva. Munkadziwa. Nyimbo yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi munthu akudandaula kuti neba wake wa m'chipinda chapamwamba amayatsa makina ochapira zovala iye akufuna kugona. Ndipo pakati paja, pamene Zuze amawolokera Yorodano, pamene ine ndinalirira pamsika, mzunguyo akungonena kuti makina akuzungulira, akuzungulira, sakuima.

Ababa anati, "Mkazi mulibe?"

Ndinati, "Mulibe."

"Mwamuna wosiyidwa, wolira mnzake?"

"Mulibe, ababa. Makina ochapira basi."

Mapewa a ababa anayamba kugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akuseka, ndipo poyamba ankasekadi, mpaka kutsokomola. Koma sizinathere pa kuseka. Anaphimba nkhope ndi chipewa, ndipo ndinamva akuti, "Filomena, ukanangondiuza." Ine ndinayang'ana kumbali, kunali amayi ena akubwera ndi zigubu, ndinawakodola kuti adutsire njira ina.

Nanunso ndikudzudzuleni, poti tsopano simungandimenye. Mwamuna kumusiya akupsa mtima moyo wonse chifukwa cha makina ochapira? Iwo sanafunse, inu simunanene, nonse ouma mitu, ndipo amene anakhala pakati ndi ine. Komabe ndaganiza kuti kambale kaja sikanali ka mwamuna aliyense, kanali kanu. Munali mtsikana wa nsapato zakezake, Loweruka mukuvina zopusa ndi anzanu a m'fakitale, musanadziwe za ndege, za nkhondo, ndi za nkhuni za pamsika. Ngati ndalakwitsa musandiuze.

Zuze sakundiyankhula, ndipo makutu anga akupuma. Nyimbo yake ikulirabe m'maminibasi, koma mngelo wasowa mu umboni. Pano akuti ndi "nyimbo ya amayi anga okondedwa", ndipo akulira nayo kuposa kale. Akulu a mpingo andiitana kuti ndikayankhe mlandu woliza nyimbo yachikunja kumanda. Ndipita, ndivala chitenje changa chabwino, ndikawamvera mpaka atope.

Dzulo ababa anandiimbira foni, chinthu chimene sanachitepo. Akuti ndiwaikire mzungu uja m'kafoni kawo kabatani. Ndinati ababa, nyimbo yonyansa ija? Anati, "Ndikufuna ndiimve bwinobwino. Zaka zonse zija ndinkaimva nditatseka makutu." Loweruka ndikupita kumudzi ndi memore khadi. Ndikukulonjezani kuti ndikakhala nawo pakhonde mpaka nyimbo ithe, ndipo sindikawaseka.

Ndimakukondani, amayi, ndi makina anu ochapira omwe.

Mwana wanu woyamba,
Rozina